Crazy quilt ya nyengo zinayi: buloko lakwinyika, ulusi wataya mtundu, ndikonze bwanji?

Nachisale:

Moni amayi ndi abambo a singano. Ndikupempha nzeru pa crazy quilt, kasokedwe kaja kolumikiza zigamba zosafanana kukula ndi maonekedwe kenako n'kupeta pamwamba pa msoko uliwonse. Ndikufuna chopachika pakhoma cha mabuloko anayi, lililonse masentimita 30 mbali zonse: la dzinja, la masika, la chisanu ndi la chilimwe. La dzinja lithe Khirisimasi isanakwane.

Zigamba zake ndi zidutswa za chitenje zotsala kwa telala, matayi awiri a pa kaunjika, veleveti wofiira pang'ono ndi satini woyera wa m'kati mwa jekete. Pansi ndayala bafuta watsopano amene ndinamudula 30 kwa 30 ndendende. Ulusi ndi wopetera uja wa timaulusi 6, ndipo ndikupeta ndi tonse pamodzi.

Buloko loyamba lavuta. Pakati patukuka ngati chipewa, silikugona pansi, ndipo ndikayeza likukwana 28 ndi theka basi. Pamene veleveti wakumana ndi chitenje msoko wake wachita chibuma, singano ikukana kulowa. Ulusi wofiira wadetsa satini nditangopukuta choko ndi kansalu konyowa. Chinanso, zithunzi za pa intaneti n'zodzaza ndi chipale chofewa ndi mitengo ya kumaiko ozizira. Pa nyengo zathu kuno ndipete chiyani choti chikwane pa kachigamba ka masentimita 8?

Nabanda:

Anachisale, yambani ndi bafutayo, kutukuka ndi kuchepa kwa buloko kwachokera pamenepo. Bafuta watsopano amafupika akangomva madzi kapena nthunzi ya simbi, pamene zigamba zina zapamwamba, makamaka za poliyesitala, sizifupika. Cham'munsi chikachepa, chapamwamba chimasowa kopita, ndiye chimatukuka. Muchapeni m'madzi otentha, mumusite akadali ndi kachinyezi, kenako mudule. Ndipo musadule 30, dulani 38 kwa 38. Kumbuyo kwake jambulani sikweya ya 30, kunja kwake inanso ya 33 yosiyira malo a msoko wodzalumikizira mabuloko. Zigamba zifike mpaka kudutsa mzere wa 33. Kupeta nakonso kumakoka nsalu, choncho mzere weniweni wodulira mudzaujambulanso ntchito yonse ikatha.

Kalumikizidwe kake nkotere. Dulani chigamba choyamba cha mbali zisanu, chotalika masentimita 8 mpaka 10, cha mtundu wakuda kapena wokhwima, muchiike chagada pafupi ndi pakati koma osati pakati penipeni. Mbali zisanu zili ndi chifukwa: chigamba cha mbali zinayi chimabereka mizere yowongoka ngati njerwa, ndipo kusokonekera kokongola kuja kumatha. Chigamba chachiwiri chiikeni chafufumimba pamwamba pa choyambacho, mphepete zigundane pa mbali imodzi, sokani mamilimita 6 kuchokera m'mphepete kubowola mpaka bafuta. Ngati ndi makina, sitichi ya mamilimita 2.5. Tembenuzani chigambacho, sitani, phanani ndi mapini awiri. Chachitatu chiphimbe mbali yotsatira pamodzi ndi kumapeto kwa chachiwiri chija, ndipo muzizungulira mbali imodzimodzi ngati muvi wa wotchi mpaka mbali zisanu zonse zitatsekedwa.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amadumpha pofuna kufulumira. Choyamba ndi kusita chigamba chilichonse chikangotembenuzidwa. Mukasiya kuti mudzasite pamapeto, msoko uliwonse umameza milimita imodzi kapena iwiri, ndipo pa misoko khumi ndi iwiri ndicho chipewa mwachionacho. Chachiwiri ndi kudula zotsalira pansi pa msoko. Mukatembenuza, suzumirani pansi, dulani nsalu yonse yopitirira mamilimita 6, osakhudza bafuta. Zikatsala, singano yopetera idzakumana ndi nsalu zinayi kapena zisanu malo amodzi, ndiponso chitenje chakuda chimaonekera pansi pa satini woyera.

Mukamaliza kuzungulira koyamba, mbali zimayamba kutalika, mwina masentimita 15 kapena 18. Musaikepo chigamba chimodzi chachitali, buloko limaoneka ngati mbendera. Lumikizani kaye zidutswa ziwiri kapena zitatu pambali, msoko wake upendekeke, muusite motsegula, ndiye muziike ngati chigamba chimodzi. Pa buloko la 30, zigamba 12 mpaka 15 zimakwana. Zikaposa apo zimachepa kwambiri moti posapetapo chithunzi mpomwe pamasowa. Ikanimo chigamba chimodzi kapena ziwiri zokhota: pindani mphepete mamilimita 6, sitani, yalani pamwamba, sokani pamanja ndi timasitichi tobisika.

Za chitenje, chichapeni kawiri kuti sitachi ichoke, apo ayi singano imalira polowa ndipo ulusi umanyuka. Ndipo musachichulutse. Maluwa a chitenje ndi amphamvu, amameza chilichonse chopetedwa pamwamba pake. Zigamba zinayi kapena zisanu za chitenje pa buloko n'zokwanira, zotsalazo zikhale zamtundu umodzi, ndipo zitenje ziwiri zisagundane. Podula, sankhani mbali imene chithunzi chake chikugwirizana ndi nyengo, ngati tsamba limodzi kapena duwa limodzi lathunthu, m'malo mongodula paliponse.

Mukatha kulumikiza, zungulirani mphepete ndi zigizagi kuti zisayoyoke. Buloko lanu loyambalo, ngati simunapete misoko yambiri, ndi bwino kulisomphola n'kupulumutsa zigamba. Kulinyowetsa n'kulikoka kungaliwongole pang'ono koma 30 silidzafikanso.

Phiri wa makina:

Mayi Nabanda afotokoza bwino za maziko. Ndiwonjezere za nsalu zovutazo, Mayi Nachisale.

Veleveti sapindidwa. Pokumana ndi chitenje, veleveti agone pansi chagada mphepete yake yosapinda, chitenjecho ndicho chipindidwe n'kubwera pamwamba pake. Lamulo lake n'limodzi pa nsalu zonse: yolemera pansi, yopepuka ndiyo yopinda. Ngati veleveti wakumana ndi nsalu ina yokhuthala, musasoke msoko konse. Gundanitsani mphepete zonse ziwiri, zigwireni ku bafuta ndi timasitichi tapamanja, kenako phimbani ndi riboni kapena lesi ya sentimita imodzi m'lifupi. Veleveti amayendanso pansi pa phazi la makina chifukwa cha ubweya wake, mapini samugwira, ndiye mumangeni kaye pamanja musanapondeko makina. Posita, simbi isamukhudze kumaso. Muikeni chafufumimba pa thaulo, simbi iyandame pamwamba n'kumupatsa nthunzi chabe. Ubweya wake ukaphwanyika ndi simbi sudzukanso.

Matayi amadulidwa mopendeka pa nsalu kuti azimangika bwino pakhosi, n'chifukwa chake amatamuka. Chigamba cha tayi mukachikoka pang'ono posoka, chimabwerera mukachisiya, n'kukwinya bafuta. Sompholani tayiyo kumbuyo, chotsani chinsalu chokhuthala cha m'kati, sitani ndi moto wochepa, ndipo musanadule matani Vilene wopepuka, kansalu kolimbitsira komata ndi simbi, kumbuyo kwake. Satini wa m'kati mwa jekete naye mumuchite chimodzimodzi, chifukwa ndi woterera ndipo amayoyoka msanga. Tengani Vilene wofewa zedi. Wa makolala uja ndi wolimba, singano yopetera sidzadutsa.

Matayi ambiri a pa kaunjika si a silika ngakhale akunyezimira. Dulani kachidutswa kangati chikhadabo, kagwireni ndi chopanira, kayatseni ndi machesi panja. Silika amanunkha ngati tsitsi lopserera ndipo amasiya kaphulusa kakuda kofumbutuka mukakatikita. Poliyesitala amasungunuka n'kusiya kachibulu kolimba. Thonje limanunkha ngati pepala ndipo phulusa lake ndi lotuwa. Izi n'zofunika pa simbi: moto woyenera chitenje cha thonje umasungunula poliyesitala, ndipo pa buloko limodzi nsaluzi zagundana. Choncho nthawi zonse yalani kansalu ka thonje pamwamba, moto ukhale wa nsalu yosalimba koposa. Ngati ndi simbi yamakala, ikutumuleni phulusa panja, muyese pa chidutswa chotaya, ndipo kansalu kophimbira kakhale kopinda kawiri chifukwa kanyenyeswa kamodzi ka moto kamaboola satini.

Za ulusi wofiirawo, ambiri amanena zoti muviike m'madzi a mchere kapena a viniga. Zimenezo sizimanga utoto wa ulusi wa thonje. Chothandiza ndi kuchapa utoto wotsalawo uchoke ulusi usanafike pa nsalu. Masulani mpukutuwo, muviike m'madzi ofunda a sopo pang'ono, tsukuluzani mpaka madzi ayere, umitsani. Kenako yesani: nyowetsani kachidutswa, kaikeni pakati pa nsalu yoyera yopinda, pondani ndi simbi. Pakatsala chizindikiro, ulusi umenewo usayandikire zigamba zoyera. Yesaninso veleveti wofiirayo ndi maliboni mwanjira yomweyi.

Nangozo:

Achemwali, timaulusi 6 pamodzi ndi tambiri, ndipo mwina tikuthandizira kukwinyako. Ulusi wokhuthala pa singano yaing'ono umadutsa mokakamiza, dzanja limakoka mwamphamvu, nsalu n'kusonkhana. Dulani masentimita 45, osapitirira, chifukwa wautali umanyuka n'kutaya kuwala usanathe. Gwirani nsonga ndi zala ziwiri, sololani kaulusi kamodzi molunjika m'mwamba, kenako kena, ndiye muphatikize tiwiri kapena titatu. Mukakoka titatu nthawi imodzi timapotana. Singano yake ndi crewel nambala 7 kapena 8.

Koma pa misoko, ulusi wopota wa perle ndiwo umakhala bwino chifukwa umaima pamwamba pa nsalu osagona. Nambala ikamakwera ulusi umachepa: perle 8 ndi wa misoko yambiri, perle 5 pa veleveti pomwe wochepa umamira mu ubweya, perle 12 pa tinthu tating'ono. Perle 8 amayenda ndi singano ya chenille 24, perle 5 ndi chenille 22. Singano iziboola bowo loti ulusi udutse mosalira. Mukamva phokoso ulusi ukamadutsa, kwezani kukula kwa singano.

Msoko wa crazy quilt umamangidwa m'magawo atatu, ndipo sitichi yoyamba iyenera kuluma mbali zonse ziwiri za msoko. Tengani sitichi ya herringbone. Ikani timadontho m'mizere iwiri, umodzi mamilimita 4 kumtunda kwa msoko, wina mamilimita 4 kumunsi, dontho lililonse kutalikirana ndi linzake mamilimita 10, ndipo madontho a mzere wapansi agwe pakati pa a mzere wapamwamba. Mumayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja koma singano imaloza kumanzere, kutola mamilimita 3 pamwamba, kenako 3 pansi. Musayese ndi maso, makamaka poyamba. Pepala la timabokosi la m'kope la masamu ndi lokwanira kuyezera madonthowo. Gawo lachiwiri, pa nsonga iliyonse yapamwamba ikani timasamba titatu ta lazy daisy ndi mtundu wina. Gawo lachitatu, pa nsonga zapansi ikani French knot, kamfundo kopangidwa pozunguliza ulusi pa singano, kapena mkanda umodzi. Msoko wotsatira sinthani maziko: feather stitch yomwe imatsika kuchokera pamwamba ngati nthambi, cretan, chevron, kapena blanket stitch ya miyendo yaitali ndi yaifupi. Masitichi asanu amenewa, posinthasintha zokongoletsa, akwanira mabuloko onse anayi osabwereza msoko.

Feather stitch ndiyo imakwinya nsalu kwambiri chifukwa anthu amakoka lupu mpaka kutseka. Ulusi uzingogona pa nsalu, chala chachikulu chikuugwira. French knot zungulizani kawiri basi. Mukafuna yaikulu onjezani timaulusi, osati kuzunguliza kanayi, chifukwa imapendama. Ndipo singano ibwerere pambali pa bowo lomwe inatulukira, osati momwemo, apo ayi mfundoyo imathawira kumbuyo.

Dongosolo la ntchito likhale ili: lesi ndi maliboni ophimba misoko poyamba, kenako masitichi a misoko, kenako zithunzi za pakati pa zigamba, maluwa a riboni, ndipo mikanda ndi mabatani pamapeto penipeni, chifukwa ulusi umakodwa m'mikanda ndipo hupu, mkombero wopanira nsalu popeta, siitseka pamwamba pake. Mikanda ileke masentimita awiri kuchokera pa mzere wa 30, singano ya makina ingadzathyoke polumikiza. Muimange ndi ulusi wa poliyesitala wopinda kawiri, kudutsa mumkanda uliwonse kawiri, ndi kumanga mfundo kumbuyo pa mikanda itatu iliyonse kuti umodzi ukaduka yonse isakhuthuke.

Hupu siyofunika pa misoko, bafuta akugwira kale. Pa zithunzi ndiyofunika, ya masentimita 15, mkombero wam'kati mutaukulunga ndi kansalu. Isapane veleveti, ndipo muziichotsa mukamapuma.

Choko pa satini musiye. Pa nsalu zakuda gwiritsani kasopo kotsalira kaja kopyapyala, mzere wake umachoka wokha ndi nthunzi. Pa zoyera, jambulani chithunzi pa pepala lopyapyala, liphaneni pa chigamba, tsatani mizere ndi timasitichi ta kaulusi kamodzi, ng'ambani pepalalo. Mukagula cholembera cha buluu chochoka ndi madzi, musasite mzere wake usanachoke, moto umaukhazikitsa.

Nachisale:

Zikomo kwambiri nonse. Ndayesa matayi aja monga anenera a Phiri, imodzi ndi silika, inayo yasungunuka. Buloko ndilisomphola. Satini wodetsedwayo angapulumuke? Ndipo funso la zithunzi za nyengo lija likadalipo, makamaka la dzinja. Sindikufuna kuti likhale lofiira ndi lobiriwira chabe ngati khadi la m'sitolo.

Phiri wa makina:

Ngati simunamusite, muikeni pansi pa madzi ozizira oyenda, mbali yodetsedwayo ikuyang'ana pansi kuti utoto utuluke kumene unalowera, kenako mumuviike m'madzi ozizira n'kumawasintha mpaka ayere. Asaume banga likadalipo. Ngati simbi inadutsapo kale, dulani mbali yoyera mugwiritse ntchito, kapena petani duwa la riboni pamwamba pa bangalo.

Nankhoma:

Anachisale, zofiira ndi zobiriwira musazithawe, ndi mitundu ya dzinja lathu lomwe. Mitengo ya flamboyant imayaka maluwa ofiira mu Novembala ndi Disembala, dothi lonyowa n'lofiira, chimanga chikumera. Chongofunika ndi kuwonjezera mtundu wotuwa wa mitambo ya mvula ndi buluu wokhwima. Pa ulusi wa kampani ya DMC, manambala a mitundu ndi awa: wofiira 321 ndi 498, wobiriwira 699, ndipo mpukutu umodzi wa mamita 8 pa mtundu uliwonse ukwanira buloko limodzi ngati misoko mukupeta ndi perle.

Chithunzi chachikulu chikhale chimodzi pa buloko, tating'ono tiwiri kapena titatu. Zigamba zina zisiyeni zopanda kanthu kuti diso lipume.

Pa dzinja, ngumbi zimatuluka bwino zedi ndipo n'zosavuta. Thupi ndi bullion knot: singano ya milliner nambala 5, yomwe ndi yofanana kukula kuyambira kunsonga mpaka kudiso, timaulusi titatu tabulauni, tolani mamilimita 8 a nsalu, zungulizani ulusi pa singano ka 10, gwirani ndi chala, sololani pang'onopang'ono. Pa singano wamba diso limakhala lotupa ndipo limakodwa m'mizungulizo. Mapiko anayi ndi lazy daisy yaitali, mamilimita 15, kaulusi kamodzi koyera kotuwira, ndi sitichi imodzi yowongoka m'kati mwa phiko lililonse. Mapiko azitalika kuposa thupi, akafupika chimaoneka ngati ntchentche. Ikani ngumbi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zikukwera mopendama kuchokera pa kachulu ka French knot, ndipo zina ziwoloke msoko kulowa m'chigamba china. Kuwoloka kumeneku ndiko kumamanga buloko kukhala chinthu chimodzi.

Bowa: chipewa chake masentimita awiri m'lifupi, yalani kaye timasitichi topingasa pansi kuti chitukuke, kenako satin stitch, masitichi owongoka ogundana, pamwamba ndi timaulusi tiwiri. Sitichi iliyonse isapitirire sentimita imodzi, yaitali imalendewera n'kukodwa, ndiye muipete kuchokera pamwamba kutsika osati m'lifupi. Mvula ndi timizere topendama ta mamilimita 5 mpaka 8, kaulusi kamodzi, tonse kupendamira mbali imodzi koma osafanana kutalika, ndi timikanda tagalasi apa ndi apo. Nyenyezi ya Khirisimasi ikhale pa veleveti. Ulusi wagolide umasomphoka ukamadutsa m'nsalu, choncho musaudutsitse: ugonekeni pamwamba m'maonekedwe a nyenyezi n'kuupana ndi kaulusi kachikasu pa mamilimita 3 aliwonse, nsonga zake zokha ndizo zilowe kumbuyo ndi chenille yaikulu.

Masika ndi achikasu, ofiirira ndi abulauni. Chisononkho cha chimanga, masentimita 3 m'litali, mizere isanu ya French knot ya timaulusi titatu, kapena mikanda ya saizi 11/0, mzere wapakati woyamba kuti chisakhote. Makoko ndi riboni ya mamilimita 7, ndevu zake ndi timaulusi tomangidwa kunsonga n'kusiyidwa tolendewera sentimita imodzi. Nkhokwe ndiyo ingakhale chithunzi chachikulu. Yalani ulusi wa perle 5 choimirira, mizere 9 yotalikirana mamilimita 3, kenako lukani chopingasa ndi perle 8 pa singano yobuntha ya tapestry 24, pamwamba pansi pamwamba pansi, osaboola nsalu kupatula m'mbali. Imatuluka ngati yolukidwa ndi nsungwi. Denga ndi masitichi owongoka ochokera pa nsonga imodzi, mitundu iwiri ya udzu mu singano imodzi.

Chisanu musachipatse chipale. Chipatseni utuwa wa chiperoni, zigamba za ubweya wa jekete, ndi duwa la poinsettia, limene kumpoto kwa dziko lapansi ndi la Khirisimasi koma kuno limafiira mu Juni ndi Julayi. Masamba ake ofiira ndi riboni ya mamilimita 7, asanu ndi atatu osafanana kutalika, pakati timfundo tachikasu. Riboni muzidula masentimita 30 basi, singano chenille 20 kapena 18 kuti bowo likule, ndipo musakoke mpaka kumapeto, tsamba limasanduka kachingwe.

Chilimwe ndi jacaranda wa Seputembala ndi Okutobala: thunthu la stem stitch, maluwa ndi French knot zambirimbiri za DMC 209, 210 ndi 340, kuphatikiza mitundu iwiri mu singano imodzi, zina zitagwa pansi pa mtengo. Zigamba zakuda ndi zaphulusa ziimire lupsa, ndi timasamba tofiirira ta mombo wophuka kumene.

Kuti mabuloko anayiwa aoneke a banja limodzi, sankhani nsalu imodzi ndi ulusi umodzi zoti zipezeke m'lililonse. Ndipo lumikizani zigamba za mabuloko onse anayi tsopano, tsiku limodzi, kupeta kokha ndiko kudikire nyengo yake. Pa nthawi, werengerani ola limodzi kapena awiri pa msoko wa magawo atatu. Misoko 14 ndi zithunzi zinayi ndi ntchito ya masabata asanu kapena asanu ndi limodzi mukamagwira ola patsiku, ndiye la dzinja liyambike Novembala akangolowa.

Nabanda:

Mawu a kamalizidwe, chifukwa apa mpamene anthu amasokoneza crazy quilt ndi chofunda wamba. Luso limeneli linatchuka ku America chitachitika chionetsero chachikulu cha ku Philadelphia mu 1876, kumene anthu anachita chidwi ndi zaluso za ku Japan, kuphatikizapo mbiya zokhala ndi timing'alu tosokonekera pamwamba. M'zaka za m'ma 1880 amayi ankazisoka ndi silika, veleveti ndi satini kuti aziyala m'chipinda cha alendo, osati zofunda usiku. N'chifukwa chake zambiri sizinkaikidwa thonje pakati ndipo sizinkasokedwa mizere yodutsa ngati zofunda zina, ankangozimanga ku nsalu yakumbuyo. Ambiri ankapetapo ukonde wa kangaude ngati chizindikiro cha mwayi, ndipo ungakhale bwino pa ngodya ya buloko lanu la chisanu: mizere isanu ndi iwiri yochokera pa mfundo imodzi, yopanidwa, ndi yozungulira yogwiridwa pa mphambano iliyonse. Zakalezo zambiri silika wake anang'ambika yekha chifukwa opanga ankamulemeretsa ndi mankhwala a zitsulo monga tini. Phunziro lake pa tayi yanu ndi lakuti muikoke pang'ono n'kuiunika padzuwa. Ikaonetsa timing'alu m'mapindo, musaiikemo.

Buloko likatha, jambulani sikweya ya 33 pa katoni yolimba, yalani kansalu koyera kopyapyala kuti mzere uzioneka, phanani buloko chagada ndi mapini osachita dzimbiri, kuyambira pakati pa mbali iliyonse kupita kungodya, pini pa masentimita awiri aliwonse. Liwazeni madzi pang'ono pokhapokha ngati ulusi wonse munauyesa, lisiyeni liume tsiku lathunthu pamthunzi. Kenako ndiye dulani pa 33.

Pakati pa mabuloko ikani timizere ta nsalu yakuda ya thonje, masentimita 4 tikasokedwa, ndiye kuti mudule 7 pamodzi ndi misoko ya 1.5 mbali zonse. Ndi malire akunja ofanana, chonsecho chidzakwana 72 kwa 72. Chopachika chokhala ndi mikanda chimalemera ndipo chimagwa mimba pakapita miyezi. Kuti chisatero, ikani bafuta wina wochapa kumbuyo, mumangirire kwa iye ndi perle 8 pa masentimita 10 aliwonse, singano ikulowa kuchokera kumbuyo n'kutola bafuta wa maziko yekha pansi pa msoko kuti kutsogolo kusaoneke kanthu, mfundo yake yomanga kawiri. Pamwamba pa zonsezo ikani nsalu yakumbuyo yooneka bwino, apa chitenje chathunthu chimakhala bwino, ndipo kumtunda sokani kathumba kopingasa ka masentimita 8 kolowetsamo ndodo. Kathumbako kagwire bafuta wapakatiyo, osati chitenje chokha.

Chinthu chotere sichichapidwa. Fumbi muzichotsa ndi burashi yofewa, ndipo chipachikeni pakhoma losawombedwa ndi dzuwa, chifukwa silika ndi ulusi wofiira ndizo zimayamba kusuluka. Mabuloko odikira nyengo yawo musawasunge m'jumbo ya pulasitiki nthawi ya mvula, amachita nkhungu. Akulungeni pa chimpukutu cha katoni kumaso kukuyang'ana kunja, muphimbe ndi pilokesi ya thonje, ndipo musasiye singano kapena pini yobaya pa nsalu ngakhale usiku umodzi, chinyezi cha Januwale chimasiya dontho la dzimbiri pa satini.